Mzinda Umene Udabwezera Ulemu kwa Njinga

 Ulendo uno tikutengerani kutali, ku Ulaya, kumzinda wa Amsterdam, likulu la dziko la Netherlands limene ambiri tidazolowera kulitchula kuti Holland. Nkhani yake ndi ya njinga, njinga yakapalasa yomweyi imene ambiri kuno timaiona ngati chinthu chongogwirizira podikira tsiku lodzagula galimoto.

Dziko la Netherlands lili ndi anthu pafupifupi 18 miliyoni, koma njinga zilimo pafupifupi 23 miliyoni. Ndiye kuti njinga n'zambiri kuposa eni ake. Pa maulendo anayi alionse amene anthu a m'dzikomo amayenda, umodzi umakhala wa panjinga, ndipo pakatikati pa mzinda wa Amsterdam njinga ndiyo imanyamula anthu ambiri kuposa galimoto. M'mawa uliwonse mumaona dokotala, mphunzitsi, woweruza milandu, mayi amene wakweza mwana wina kutsogolo wina pakaliyala, ngakhale agogo a imvi mbuu, onse akupalasa. Bambo Mark Rutte, amene adali nduna yaikulu ya dzikolo kuyambira 2010 mpaka 2024, kawirikawiri ankapita kuntchito panjinga, ndipo tsiku limene adatula pansi udindo adatsanzikana ndi anzawo n'kukwera njinga yawo, ulendo wa kunyumba. Anthu amenewa si osauka ayi. Dziko lawo ndi limodzi mwa maiko olemera kwambiri, ndipo magalimoto alimo pafupifupi 9 miliyoni.

Munthu akamva zimenezi amafulumira kunena kuti ndi mmene anthuwo adabadwira, kapena kuti dziko lawo n'lachidikha, lopanda mapiri. Chidikhacho chilipodi, koma chidalipo ndithu ngakhale pa nthawi imene njinga idatsala pang'ono kuthamangitsidwa m'misewu ya Amsterdam. Amene adasintha zinthu ndi anthu, makamaka makolo amene adatopa ndi kuika maliro a ana awo. Tiyeni tiione nkhaniyi kuchokera pachiyambi.

Pamene galimoto idalowa ufumu

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha mu 1945, Amsterdam udali udakali mzinda wa njinga. Koma kuyambira m'zaka za m'ma 1950 chuma cha dzikolo chidayamba kukwera, malipiro a anthu apantchito adakwera, ndipo banja lililonse lidayamba kulakalaka galimoto yakeyake. Mu 1960 m'dziko lonselo mudali magalimoto pafupifupi theka la miliyoni. Pofika 1970 adali atapitirira 2 miliyoni.

Akuluakulu okonza mizinda pa nthawiyo ankakhulupirira kuti njinga ndi chinthu chakale chimene chitha chokha, monga idathera ngolo yokokedwa ndi akavalo. Motero adayamba kukuza misewu, kugwetsa nyumba za anthu, ndi kusandutsa mabwalo amene ana ankasewerapo kukhala poimika magalimoto. Tinjira tina ta njinga timene tidalipo kale tidafafanizidwa. Amsterdam ndi mzinda wa ngalande zambiri zimene makolo awo adakumba zaka mazana angapo zapitazo, ndipo mu 1967 katswiri wina wa ku America, David Jokinen, adatulutsa pulani yoti ngalande yaikulu yotchedwa Singelgracht ikwiriridwe kuti pamwamba pake padutse msewu wa mizere 6. Kumzinda wina wa Utrecht zoterezi zidachitikadi. Adakwirira mbali ina ya ngalande yawo yakale n'kumangapo chimsewu chachikulu.

Zotsatira zake sizidachedwe. Tikapatula oyenda pansi, mumzinda umene kale maulendo atatu mwa anayi adali a panjinga, pofika m'ma 1970 kudatsala pafupifupi umodzi mwa anayi. Anthu sadaida njinga mwadzidzidzi. Chidalowa ndi mantha. Munthu akaona kuti msewu wasanduka bwalo la imfa, amatsamiritsa njinga kukhoma n'kuyamba kusunga ndalama za galimoto. Akaigula, msewu uja umadzaza koposa kale, ndipo mnzake amene adali akupalasabe naye amachita mantha n'kusiya. Umu ndi mmene galimoto imaberekera galimoto inzake.

Maliro a ana

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, chaka chilichonse anthu oposa 3,000 ankafa pa ngozi za pamsewu m'dziko la Netherlands, limene pa nthawiyo lidali ndi anthu pafupifupi 13 miliyoni. Chaka choipitsitsa chidali 1972, pamene adafa anthu 3,264. Mwa anthu amenewa, oposa 400 pachaka adali ana. Taganizirani bwino, abale. Tsiku lililonse limene dzuwa lidatuluka, banja limodzi kapena kuposerapo linkalandira uthenga woti mwana amene adatsanzika m'mawa sabweranso.

Mu 1971 tsoka limeneli lidagwera mtolankhani wina wa nyuzipepala ya De Tijd, Bambo Vic Langenhoff. Mwana wawo wamkazi wa zaka 6 adagundidwa ndi galimoto akupalasa njinga kupita kusukulu, ndipo adamwalira. Woyendetsa galimotoyo adangolipira chindapusa chochepa. Mu 1972 bamboyu adalemba nkhani imene mutu wake udali ndi mawu oti Stop de Kindermoord, kutanthauza kuti lekani kupha ana. Mawuwa ndi olemera, ndipo adawasankha dala. Iye ankatanthauza kuti imfa zimene zikuchitika chaka ndi chaka, pamalo omwewomwewo, pa chifukwa chomwechomwecho, sitingapitirize kumazitcha ngozi ngati kuti zagwa kumwamba.

Makolo ambiri adamva kuti nkhaniyo ikunena za iwo. Padabadwa bungwe lotenga dzina lomwelo, ndipo amene adalitsogolera poyamba adali mayi wachitsikana wa ku Amsterdam, Maartje van Putten, amene pambuyo pake adadzakhala phungu wa nyumba ya malamulo ya maiko a ku Ulaya. Amayi ndi abambo amenewa adalibe chuma kapena maudindo. Ankatulutsa matebulo ndi mipando n'kudyera chakudya pakati pa msewu. Ankagwirana manja kutseka malo amene pachitika ngozi. Tsiku lina adapalasa njinga ndi ana awo mpaka kunyumba kwa nduna yaikulu, Bambo Joop den Uyl, kukapereka madandaulo awo. M'dera lina la Amsterdam lotchedwa De Pijp, mu 1972, ana asukulu eniake adatseka msewu wa kwawo popempha malo osewerera, ndipo dziko lonse lidawaona pa wailesi yakanema.

Chaka chomwecho cha 1972, makhansala a Amsterdam adavotera pulani yodutsitsa msewu waukulu m'dera lakale la Nieuwmarkt. Pulaniyo idakanidwa ndi kusiyana kwa voti imodzi yokha. Khansala mmodzi akadatsalira kunyumba tsiku limenelo, mwina lero tikadakhala tikukamba nkhani ina. Mu 1975 padakhazikitsidwa bungwe la opalasa njinga limene lero limatchedwa Fietsersbond, ndipo mu 1977 anthu zikwizikwi adagona pansi pamodzi ndi njinga zawo pabwalo la Museumplein pokumbukira amene adafa pamsewu. Akuluakulu adanena kale kuti mutu umodzi susenza denga.

Mafuta atasowa

Pamene makolo adali pakalikiliki ameneyu, padagwa china chimene sadachiyembekeze. Mu October 1973 kudabuka nkhondo pakati pa Israel ndi maiko a Egypt ndi Syria, ndipo maiko a Aluya okumba mafuta adaleka kugulitsa mafuta kumaiko ena amene adali kumbali ya Israel. Dziko la Netherlands lidali limodzi mwa maiko amenewa. M'miyezi yochepa mtengo wa mafuta padziko lonse udakwera pafupifupi kanayi.

Boma la Bambo den Uyl lidalamula kuti tsiku Lamulungu magalimoto asamayende. Lamuloli lidayamba pa 4 November 1973 ndipo lidagwira ntchito masabata 10, mpaka mu January 1974. Nduna yaikuluyo idalankhula ku mtundu wonse pa wailesi yakanema n'kuuza anthu mosabisa kuti nthawi ya mafuta otchipa yapita.

Masiku 10 amenewo adaphunzitsa anthu chinthu chimene msonkhano uliwonse sukadatha kuwaphunzitsa. Ana adasewera pakati pa misewu ikuluikulu. Anthu adamva kulira kwa mbalame mumzinda. Okalamba adaoloka msewu osathamanga. Ambiri adakumbukira mmene mzinda wawo udalili kale, ndipo achinyamata amene adali asadauonepo wopanda phokoso adauona koyamba. Mafuta adabwereranso, magalimoto adabwereranso, koma maganizo a anthu adali atasunthika. Boma nalo lidaona kuti dziko limene kayendedwe kake konse kadalira mafuta ochokera kunja lili ngati munthu wogona m'nyumba ya eni, amene akhoza kuuzidwa tsiku lililonse kuti anyamule mphasa yake.

Zimene adachita

Tsono apa ndi pamene pali phunziro lenileni, chifukwa kulira kokha sikumanga msewu. Choyamba, adalekanitsa njinga ndi galimoto pamisewu imene magalimoto amathamanga. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 boma lidapereka ndalama zoyesera njira zapadera za njinga m'mizinda ya Tilburg ndi The Hague. Njira zoterezi amazipatsa mtundu wofiira, ndipo pakati pa njirayo ndi msewu wa magalimoto amaikapo kakhoma kakafupi, mitengo kapena kapinga. Kungojambula mzere wa penti pamphepete pa msewu adaona kuti sikuteteza munthu, pakuti penti siimitsa lole.

Pa kuyesaku adaphunzirapo chachiwiri. Njira imodzi, ngakhale ikongole chotani, sikopa anthu ambiri ngati ikuthera panjira. Mayi sangalole mwana wake kupalasa kupita kusukulu ngati makilomita awiri ali abwino koma pakati pali mphambano imodzi yoopsa. Mlatho umene sufika kutsidya si mlatho. Choncho mzinda wa Delft, m'zaka za m'ma 1980, udalumikiza njira zake zonse ngati ukonde, kuti munthu achoke pakhomo pake kukafika kusukulu, kumsika, kuchipatala kapena kusiteshoni ya sitima popanda kulimbana ndi magalimoto othamanga. Mizinda ina idatengera pomwepo. Lero njira za njinga m'dzikolo zikupitirira makilomita 35,000.

Chachitatu, m'malo okhala anthu adachepetsa liwiro. Ku Delft komweko kudayambira msewu wa mtundu wina umene amautcha woonerf, ngati tinene kuti bwalo la pakhomo, umene boma lidauvomereza m'malamulo mu 1976. Mumsewu wotere galimoto imalowa ngati mlendo, ndipo imayenda pa liwiro longa la munthu woyenda pansi. Sadadalire zikwangwani zokha. Adapanga misewuyo kukhala yopapatiza, yokhotakhota, yokhala ndi zitunda ndi mitengo, kotero kuti dalaivala ngakhale atafuna kuthamanga, msewu womwewo umamukaniza. Chifukwa chake n'chodziwika. Munthu wogundidwa ndi galimoto yoyenda makilomita 30 pa ola kawirikawiri amapulumuka, koma liwiro likafika 50 kapena 60, mwayi wake umachepa kwambiri.

Chachinai, adachita zoti ulendo waufupi wa pagalimoto ukhale wozungulira, wa panjinga ukhale wachidule. Mu 1977 mzinda wa Groningen udagawa pakati pa tauni m'zigawo zinayi. Woyenda pansi, wa njinga ndi basi amadutsa kuchoka chigawo china kulowa china, koma wa galimoto ayenera kutuluka kaye n'kuzungulira pamsewu wa kunja. Eni masitolo adakwiya kwambiri poopa kuti makasitomala athawa. Makasitomala sadathawe, ndipo dongosolo lija lilipo mpaka lero. Amsterdam nawo, pansi pa makhansala atsopano amene adalowa mu 1978, udavomereza pulani yochepetsa magalimoto pakati pa mzinda ndi kupereka malo kwa njinga ndi zoyendera za anthu onse.

Chachisanu ndi malamulo ndi maphunziro. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 khoti lalikulu la dzikolo lidagamula kuti galimoto ikavulaza mwana wosakwana zaka 14 amene akuyenda pansi kapena panjinga, mbali ya galimoto ndiyo ilipire zonse ngakhale mwanayo atalakwitsa, pokhapokha ngati adachita dala. Wovulalayo akakhala wamkulu, kawirikawiri mbali ya galimoto imalipira theka kapena kuposerapo. Maganizo ake ndi oti amene wanyamula chitsulo cholemera ndiye ayenera kusamala koposa. Kusukulu nako, ana a zaka 10 mpaka 12 amalemba mayeso a malamulo a pamsewu, ndipo m'masukulu ambiri amayesedwanso akupalasa njinga mumsewu weniweni. Popeza pafupifupi dalaivala aliyense adakulira panjinga, ndipo mwana wake ali panjinga, amamuona wopalasa ngati munthu mnzake.

Ntchito ya zaka 50

Tisaganize kuti zonsezi zidatheka m'chaka chimodzi. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Nthawi iliyonse imene msewu wakalamba ndipo ukufunika kukonzedwa, ankaumanganso mwa njira yatsopano, motero ndalama zake zambiri zidali zomwe akadaononga kale pokonza msewuwo. Mu 1992 anthu a mu Amsterdam adafunsidwa maganizo awo pa voti yapadera, ndipo oposa theka la amene adavota adati magalimoto achepe pakati pa mzinda. Mu 2019 khonsolo idakweza mtengo woimika galimoto pakati pa tauni kufika ma euro 7.50 pa ola, ndipo idalengeza pulani yochotsa malo oimika magalimoto pafupifupi 11,000. Pamalo amene pamaima galimoto imodzi pamakwana njinga pafupifupi 10, kapena mtengo wa mthunzi ndi benchi.

Mu 2019 mzinda wa Utrecht udatsegula nyumba yosungira njinga 12,500 pasiteshoni ya sitima, ndipo mu 2020 udamaliza kufukula ngalande ija idakwiriridwa, madzi n'kubwereramo pamene padali chimsewu. Mu January 2023 Amsterdam udatsegula mosungira njinga pafupifupi 7,000 pansi pa madzi, kutsogolo kwa siteshoni yake yaikulu. Kuseri kwa siteshoni yomweyo kuli mapantoni amene amaolotsa oyenda pansi ndi a njinga kupita kutsidya la kumpoto kwa mzindawo kwaulere. Mu December 2023 liwiro la makilomita 30 pa ola lidakhazikitsidwa pa misewu 8 mwa 10 iliyonse ya mumzindawo.

Nanga phindu lake? Mu 2023 anthu amene adafa pamsewu m'dziko lonselo adali 684, kuchoka pa 3,264 aja a mu 1972, chikhalirecho anthu ndi magalimoto achuluka kwambiri. Ana amene amafa pamsewu masiku ano sakwana 30 pachaka, kuchoka pa oposa 400. Akatswiri a payunivesite ya Utrecht adawerengera mu 2015 kuti kupalasa njinga kumapewetsa imfa pafupifupi 6,500 chaka chilichonse m'dzikomo, chifukwa thupi logwira ntchito tsiku ndi tsiku silifulumira kugwidwa ndi matenda a mtima, a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Adapezanso kuti anthu a m'dzikolo amakhala ndi moyo wotalikirapo ndi theka la chaka chifukwa cha njinga. Ngakhale oyendetsa magalimoto adapindula, pakuti aliyense amene ali panjinga ndi galimoto imodzi imene yachoka kutsogolo kwawo. Ambulansi, lole ya katundu ndi galimoto ya munthu wolumala zimapeza mpata.

Walira mvula walira matope

Tikadakunamizani tikadati kumeneko zonse zili myaa. Mwa anthu 684 aja a mu 2023, okwana 270 adali opalasa njinga, ndipo ambiri mwa iwo adali achikulire. Kubwera kwa njinga zoyendera batire, zimene zimathamanga koposa ndipo n'zolemera, kwabweretsa ngozi za mtundu watsopano, makamaka kwa agogo ndi kwa anyamata okonda liwiro. Anthu ambiri kumeneko savala chipewa choteteza mutu, ndipo madokotala akhala akudandaula za ichi. Akuba njinga nawo ndi ambiri zedi, mwakuti munthu amamanga njinga yake ndi maloko awiri. Chaka chilichonse ogwira ntchito yoyeretsa ngalande za Amsterdam amavuula njinga zoposa 10,000 m'madzi. Nthawi ya m'mawa njira zina za njinga zimadzaza mpaka oyenda pansi kusowa poolokera.

Palinso nkhani ya alendo. Anthu ambiri amene adasamukira m'dzikolo kuchokera ku Morocco, Turkey, Suriname ndi Ghana, makamaka amayi, adafika asakudziwa kupalasa. M'mizinda yambiri muli maphunziro a njinga a amayi akuluakulu, ndipo mayi akaphunzira amatha kupita yekha kumsika, kuchipatala ndi kukatenga ana kusukulu osadikira munthu. Izi zikutionetsa kuti kumanga njira ndi mbali imodzi chabe ya ntchito. Pamafunikanso kuonetsetsa kuti aliyense, mkazi ndi mwamuna, mbadwa ndi mlendo, akutha kuigwiritsa ntchito.

Kodi n'za ku Holland kokha?

Ena adzati kumeneko n'kozizira, kuno dzuwa limaswa mtengo. Mzinda wa Seville ku Spain umatentha mpaka kupitirira madigiri 40 m'chilimwe. Pakati pa 2006 ndi 2010 udamanga njira za njinga zolumikizana zokwana makilomita pafupifupi 120, ndipo opalasa adachuluka kangapo m'zaka zochepa zomwezo. Ena adzati mzinda waukulu kwambiri sungathe. Paris, likulu la France, udamanga njira zambiri za njinga pa nthawi ya meya Anne Hidalgo, amene adalowa mu 2014, makamaka m'nyengo ya mliri wa Covid mu 2020. Kafukufuku amene adatuluka mu 2024 adapeza kuti m'kati mwa mzindawo maulendo 11 mwa 100 alionse adali a panjinga, pamene a pagalimoto adali 4 okha. Ena adzati ndi za maiko olemera. Bogotá, likulu la Colombia, lidayamba mu 1974 kutsekera magalimoto misewu ina, ndipo lero tsiku Lamulungu lililonse misewu yoposa makilomita 100 imakhala ya oyenda pansi ndi a njinga.

Njira inayo, yomangokuza misewu, nayo idayesedwa. Mzinda wa Houston ku America udakuza msewu wa Katy Freeway mpaka malo ena kukhala ndi mizere yoposa 20, ntchito imene idatha mu 2008. Patangopita zaka zochepa, magalimoto adayambanso kuthithikana, ndipo ulendo wa m'mawa ndi madzulo udatalikanso. Msewu ukakula umaitana magalimoto ena, monga mmene nsomba yoyanikidwa pathandala imaitanira ntchentche.

Nanga ife?

Ife a m'mbali mwa nyanja sitifunika kuphunzitsidwa kupalasa. Ku Mangochi, ku Salima, ku Nkhotakota, dziko ndi lachidikha ngati la anzathuwo, ndipo njinga ndiyo imanyamula dengu la usipa kuchoka kudoko, thumba la chimanga kupita kuchigayo, wodwala kupita kuchipatala ndi mwana kupita kusukulu. Mabanja ambiri amadya chifukwa cha kabaza. Chimene anthu a ku Amsterdam adataya n'kuchifunafuna zaka 50, ife tidakali nacho m'manja. Kusowa kwa mafuta nako timakudziwa. Tidaona mizere ya magalimoto ogona pamalo omwetsera mafuta mu 2011 ndi 2012, tidaionanso kuyambira 2022, pakuti dontho lililonse la petulo ndi dizilo limachokera kunja kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo limagulidwa ndi ndalama zakunja. M'masiku amenewo amene sadaime ndi wa njinga.

Chimene chikusowa kwathu ndi malo ndi ulemu. Tonse tikudziwa mmene wa njinga amathawira kutchire lole ikaliza hutala kumbuyo kwake, ndi mmene m'mphepete mwa tala mumakhalira modyekadyeka. Mizinda yathu ikukula, misewu ikukuzidwa, ndipo tili pamphambano pomwe anzathu aja adaima m'ma 1960. Kuongola mtengo mpoyamba. Kuika njira ya njinga pamene msewu ukumangidwa n'kotchipa kusiyana ndi kudzaswa tala pambuyo pake.

Tsono pali zimene banja lililonse lingathe. Abambo, onetsetsani kuti njinga ya pakhomo ili ndi mabuleki ogwira, belu, nyale ndi zonyezimira kumbuyo, chifukwa ngozi zambiri zimachitika kukayamba mdima. Amayi, musamutume mwana wamng'ono panjinga kumsewu waukulu asadaphunzire kuyenda kumanzere, kuyang'ana kumbuyo ndi kukweza dzanja pokhota. Ndipo mwana wamkazi aphunzire kupalasa monga mlongo wake, pakuti sukulu ikakhala kutali, njinga ndiyo imamusunga m'kalasi. Inu a kabaza, katundu wopingasa msewu ndiponso kukweza anthu awiri pakaliyala ndi kuika moyo pachiswe. Inu amene muli ndi galimoto, chepetsani liwiro pamsika ndi pasukulu, musiyireni mpata wokwanira wa njinga pomupitirira, ndipo tengerani chizolowezi chotsegula chitseko ndi dzanja la kutali ndi chitsekocho. Mukatero thupi limatembenuka lokha ndipo mumaona wa njinga amene akubwera kumbuyo.

Koposa zonse, tilankhule. Pamsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, pabwalo la mfumu, pamaso pa khansala ndi phungu, tifunse za zitunda pafupi ndi sukulu, za poolokera ana, ndi za njira ya njinga pamsewu uliwonse watsopano. Komiti ya sukulu ikhoza kulemba m'kabuku malo, tsiku ndi nthawi ya ngozi iliyonse ya m'dera lake, chifukwa akuluakulu amamva msanga mukawaonetsa manambala. Amene adasintha Amsterdam adali makolo wamba amene adakana kuzolowera maliro, ndipo ana amene adawateteza sadali awo okha. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Kambiranani nkhaniyi pakhomo panu, ndipo tilembereni za malo oopsa a pamsewu wa kwanuko ndi zimene mwagwirizana kuchitapo.